Intaneti yalumikiza koma masamba ena sakutseguka: kayezedwe ndi kakonzedwe ka MTU pa rauta

Vutoli limabwera motere. Wi-Fi yalumikiza, bandulo ilipo, mauthenga a WhatsApp akupita ndi kubwera, Google ikutseguka. Koma mukafuna kulowa pa webusaiti ya banki, sikirini imangokhala mbee, kachizindikiro kakungozungulira. Imelo ya mawu okha ikupita, koma mukaikamo fayilo ya PDF imakakamira osatuluka. Kapena muli ku City Centre, VPN yolumikiza ofesi yanu ndi nthambi ya ku Mzuzu ikulemba kuti yalumikiza, ping (kauthenga koyesera ngati kompyuta ina ikupezeka) ikuyankha, koma Remote Desktop imafa nthawi yomwe iyenera kuonetsa sikirini ya kumeneko.

Ambiri akafika apa amazimitsa rauta n'kuiyatsanso, ena amagula bandulo ina, ena amaimbira kampani ya intaneti n'kuuzidwa kuti kwawoko zonse zili bwino. Musathamangire kunena kuti akunama. Onani kaye chizindikiro ichi: zing'onozing'ono zikudutsa, zikuluzikulu zikukanika. Zikakhala choncho, kayikirani kukula kwa mapaketi, timagawo tomwe data imagawidwamo poyenda pa intaneti, ndipo musasinthe chilichonse musanayeze.

## Zofunika kukhala nazo pafupi

- Laputopu ya Windows, Linux kapena Mac. Foni siikuthandizani kwenikweni pa ntchitoyi.
- Chingwe cha LAN. Wi-Fi imataya mapaketi pa zifukwa zake, ndiye ingakusokonezeni poyeza.
- Adiresi ya rauta ndi pasiwedi yake. Zambiri zimakhala pa 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, ma rauta a MikroTik pa 192.168.88.1, ndipo ma MiFi a Huawei pa 192.168.8.1.
- Kudziwa kuti intaneti yanu imalowa bwanji: PPPoE, yomwe imafuna dzina ndi pasiwedi kuchokera ku kampani, Dynamic IP, kapena 4G ya simu khadi.
- Pepala ndi cholembera. Manambala achuluka, mutu sungasunge onse.
- UPS kapena batire pa rauta ngati ilipo. Magetsi akathima rauta ili mkati mosunga zosintha, mutha kuyambiranso pachiyambi.
- Pulogalamu ya Wireshark, kwa ofuna kuona mapaketiwo ndi maso. Mutha kumaliza ntchito popanda iyo.

## Zomwe rauta imachita paketi ikakula

Izi muzidziwe pang'ono, apo ayi manambala a m'munsimu akhala ngati maula.

Chingwe chilichonse chili ndi malire a kukula kwa paketi yomwe chinganyamule, ndiwo MTU. Pa Ethernet ndi mabayiti 1500. Pa PPPoE ndi 1492, chifukwa mabayiti 8 amadyedwa ndi PPPoE yomweyo. Laputopu yanu imangodziwa chingwe chake chokha, ndiye imapanga mapaketi a 1500 osadziwa kuti kutsogolo njira yapapatiza. Amene anagulapo bedi kwa akalipentala a ku Mchesi n'kupeza kuti silikulowa pakhomo la kuchipinda akudziwa zomwe zimatsatira: mumalimasula n'kulowetsa chidutswachidutswa, kapena mumalibweza kwa mwini wake n'kumuuza muyezo wa khomolo. Rauta nayo ili ndi njira ziwiri zomwezo.

Njira yoyamba ndi kudula. Paketi ya 1500 ili ndi mutu wa IPv4 (gawo lomwe muli maadiresi) wa mabayiti 20 ndi katundu wa 1480. Pofuna kuidutsitsa pa 1492, rauta imapanga zidutswa ziwiri. Choyamba chimatenga mutu wa 20 ndi katundu wa 1472, ndipo chimaikidwa chizindikiro cha MF kutanthauza kuti zina zikubwera. Chachiwiri chimatenga mutu wakewake wa 20 ndi mabayiti 8 otsala aja, chonse pamodzi 28. Ziwirizi zimakhala ndi nambala imodzi ya Identification, ndipo chachiwiri chimalembedwa Fragment Offset ya 184, chifukwa malo amawerengedwa m'magulu a mabayiti 8: 184 kuchulukitsa ndi 8 ndi 1472. Taonani kuwononga kwake. Chifukwa cha mabayiti 8 okha, mapaketi awiri akuyenda pamene panayenera kuyenda imodzi.

Ma rauta a m'njira salumikizanso zidutswazo, ntchitoyo ndi ya kompyuta yolandira. Chidutswa chimodzi chikasowa, paketi yonse yatayika, ndipo Linux imadikira masekondi 30 kenako n'kutaya zomwe inasunga. Palinso china: nambala ya port ya TCP kapena UDP (njira ziwiri zotumizira data), yomwe imasonyeza pulogalamu yolandira paketiyo, ili m'chidutswa choyamba chokha. Firewall (mlonda wosefa mapaketi) kapena NAT (yosintha maadiresi a m'nyumba kukhala a kunja) ikaona chachiwiri sidziwa kuti n'cha ndani pokhapokha itasonkhanitsa zonse, ndipo ma firewall ena amangotaya zidutswa osafunsa.

Njira yachiwiri ndi kukana. Makompyuta a masiku ano amaika chizindikiro cha DF pa mapaketi a TCP, kutanthauza kuti osadula. Rauta ikaona DF pa paketi yokula, imaitaya n'kutumiza uthenga wa ICMP (njira yomwe makina a pa netiweki amadziwitsirana mavuto), mtundu 3 khodi 4, wouza wotumizayo muyezo woyenera. Iye amachepetsa n'kutumizanso. Pa IPv6 palibenso zosankha, rauta sidula konse, imangobweza uthenga wa Packet Too Big.

Vuto lanu lagona apa. Uthenga uja ukatsekedwa penapake m'njira, seva imapitiriza kutumiza mapaketi a 1500, rauta imapitiriza kuwataya, ndipo palibe amene akuuza mnzake. Moni woyamba wa TCP ndi waung'ono, n'chifukwa chake kulumikiza kumatheka. Seva ikangoyamba kutumiza satifiketi yake ya HTTPS kapena fayilo yeniyeni, zii.

## Masitepe

### 1. Tsimikizani kuti vuto ndi kukula

Lumikizani laputopu ku rauta ndi chingwe, zimitsani Wi-Fi ndi VPN. Tsegulani Command Prompt n'kulemba:

`ping 1.1.1.1`

Ping wamba wa Windows amatumiza mabayiti 32 okha. Ngati ngakhale ameneyu akulephera kapena akudumphadumpha, siyani nkhani ya MTU, vuto lanu ndi lina: chingwe, netiweki yofooka, kapena akaunti yatha. Ngati akuyankha bwino, lumikizani laputopu yomweyo ku hotspot ya foni n'kutsegula tsamba lomwe limakana lija. Likatseguka pa foni koma n'kukana pa rauta, pitirizani.

### 2. Lembani zomwe zilipo musanakhudze

Lowani mu rauta, pezani gawo la WAN kapena Internet (mbali yoyang'ana ku kampani ya intaneti), lembani nambala ya MTU yomwe ilipo ndi mtundu wa kulumikiza. Tengani backup ya zosintha zonse n'kuisunga pa laputopu. Onaninso MTU ya laputopuyo. Pa Windows:

`netsh interface ipv4 show subinterfaces`

Pa Linux, `ip link show`. Iyenera kukhala 1500. Mukapeza nambala ina, dziwani kuti wina anasinthapo kale, ndipo ibwezeni pa 1500 musanayeze, apo ayi mukhala mukuyeza laputopu m'malo moyeza njira.

Chenjezo: ngati rauta ndi ya kampani ya intaneti ndipo ili ndi dzina ndi pasiwedi ya PPPoE zomwe simukuzidziwa, musadine Reset ngakhale zitavuta bwanji. Mudzakhala opanda intaneti mpaka atabwera.

### 3. Tumizani ping wamkulu wokana kudulidwa

Pa Windows:

`ping -f -l 1472 1.1.1.1`

Chilembo chachiwiricho ndi L wamng'ono, si nambala 1. Pa Linux:

`ping -M do -s 1472 1.1.1.1`

Pa Mac:

`ping -D -s 1472 1.1.1.1`

Bwanji 1472? Nambala yomwe mukulembayo ndi ya katundu yekha. Ping amawonjezera mabayiti 8 a ICMP ndi 20 a IP, pamodzi 28, ndiye 1472 kuphatikiza 28 ndi 1500 ndendende.

Chenjezo: mukaiwala `-f`, kapena `-M do`, ping adutsa ngakhale mutalemba 3000, chifukwa laputopu iduladula yokha. Mudzaganiza kuti zonse zili bwino pamene simunayeze kanthu.

### 4. Werengani yankho bwinobwino

Mayankho alipo atatu, ndipo kusiyana kwa lachiwiri ndi lachitatu ndiye nkhani yonse.

Likabwera `Reply from 1.1.1.1: bytes=1472`, njira yopita kumeneko ikunyamula 1500 yonse. Yesani ping yemweyo ku seva yomwe ikukuvutaniyo, chifukwa njira zimasiyana. Ngati nayonso ikudutsa, vuto si MTU ya rauta yanu, pokhapokha ngati likuoneka VPN ikayaka. Zikatero dumphirani ku sitepe 10.

Likabwera `Packet needs to be fragmented but DF set`, kapena pa Linux `Frag needed and DF set` ndi nambala pambali pake, njira ndi yopapatiza koma rauta ikulankhula. Imeneyo ndi nkhani yabwino ndithu. Linux imakupatsani nambalayo pompo.

Likabwera `Request timed out` pamene ping waung'ono akuyankha, mwaupeza msampha. Paketi ikutayidwa ndipo palibe akunena. Mawebusaiti anu akufera pamenepa.

Mukayesa ndi 8.8.8.8, nthawi zina mudzaona yankho likunena `bytes=68` pamene munatumiza 1472. Seva yabweza yankho lalifupi, ndiye mwayeza ulendo wopita wokha, wobwerera ayi. Yesani ndi adiresi ina yomwe imabweza zonse.

### 5. Tsikani mpaka mupeze malire, kenako onjezani 28

Musatsike ndi 1 kuchokera pa 1472, mungagonere pomwepo. Yambani ndi 1464, chifukwa ndi ya PPPoE. Ikakana yesani 1452. Ikakananso dumphani kufika pa 1400, kenako 1300. Mukapeza yomwe ikudutsa, tengani ya pakati pa yodutsa ndi yokana, muzichita choncho mpaka zitasiyana ndi 1. Mwachitsanzo 1400 yakana, 1300 yadutsa: yesani 1350, ikadutsa 1375, ikakana 1362, mpaka mufike.

Nambala yaikulu yomwe yadutsa muiphatikize ndi 28. Imeneyo ndiyo MTU ya njira yanu.

- 1472 ikupereka 1500: Ethernet wamba.
- 1464 ikupereka 1492: PPPoE.
- 1452 ikupereka 1480: PPPoE yomwe inasiyidwa pa nambala ya ku fakitale. TP-Link zambiri zimabwera ndi 1480.
- 1448 ikupereka 1476: pali GRE penapake, njira yokulungira paketi mu paketi ina, imadya mabayiti 24.
- 1392 ikupereka 1420: mukudutsa mu VPN ya WireGuard.

Pa 4G musayembekezere nambala yozungulira bwino. Data ya foni imayenda itakulungidwa mkati mwa netiweki ya kampaniyo, ndipo nthawi zambiri MTU imatsika pansi pa 1500. Kaya simu ndi ya Airtel kapena ya TNM, yezani nokha pa malo anu. Nambala yomwe mnzanu wa ku Area 25 anapeza pa MiFi yake si umboni wa rauta ya ku ofesi kwanu.

Chenjezo: Linux imakumbukira MTU yomwe yauzidwa kwa mphindi 10. Mukasintha kanthu n'kufuna kuyezanso, yambani mwalemba `sudo ip route flush cache`. Ndipo pa nambala iliyonse lolani ping apite kanayi konse. Paketi imodzi yotayika pa 4G sitanthauza kuti mwafika pa malire.

### 6. Pezani pomwe papapatiza

Chitani ping wa 1472 uja ku adiresi ya rauta yanu. Akakana pamenepo, vuto lili m'nyumba mwanu momwe: switch, chingwe cha mawayilesi cholumikiza nyumba ziwiri, kapena VLAN (netiweki yogawidwa mkati mwa switch) yomwe sinapatsidwe malo okwanira. Zoterezi zimapezeka m'malo ngati ku Kanengo kumene ofesi ndi nyumba yosungira katundu amazilumikiza ndi ma antena. Akadutsa, lembani `tracert 1.1.1.1` n'kuchita ping yemweyo ku maadiresi oyambirira omwe aoneka, imodzi ndi imodzi. Pa Linux `tracepath 1.1.1.1` imachita zonsezi yokha n'kulemba `pmtu` pomwe nambala yatsika. Ma rauta ena a m'njira sayankha ping ngakhale waung'ono, ndiye yesani kaye waung'ono musanawaimbe mlandu.

Amene ali ndi MikroTik angayezenso kuchokera mu rauta momwe:

`/ping 1.1.1.1 size=1500 do-not-fragment`

Apa samalani. Pa RouterOS, pulogalamu ya mu MikroTik, `size` ndi paketi yonse pamodzi ndi mutu, ndiye osawonjezeranso 28.

Ngati papapatiza kutsogolo kwa rauta yanu, imbani ku kampani muli ndi nambala m'manja. Kunena kuti intaneti ikuvuta sikukufikitsani patali. Nenani kuti, "Pepani bwana, ping wa DF akudutsa pa 1432 koma pa 1433 akufa osayankha, kodi MTU ya laini yathu ndi zingati?" Funso lotere amalipititsa kwa amisiri awo msanga.

### 7. Ikani MTU pa WAN

Pa TP-Link ndi ena ofanana nawo, pitani ku Network kenako WAN kapena Internet, nthawi zina pansi pa Advanced, lembani nambala yanu m'bokosi la MTU n'kusunga. Pa MikroTik ya PPPoE sinthani Max MTU ndi Max MRU pa pppoe-out1. Pa Cisco, mu interface ya Dialer, lembani `ip mtu 1492`.

Intaneti iduka kwa kanthawi pamene rauta ikulumikizanso. Ngati ofesi ili mkati motumiza malipiro a mwezi, dikirani nthawi ya nkhomaliro.

Mukatha bwerezani ping wa 1472. Ngati poyamba munkaona `Request timed out`, tsopano muyenera kuona uthenga wa `needs to be fragmented`. Ping sakudutsabe, ndipo sayenera kudutsa. Chomwe chasintha n'chakuti rauta yanu ikudziwa malire ndipo ikuuza makompyuta a m'nyumbamo.

Chenjezo: sinthani WAN yokha. LAN ndi Wi-Fi zisiyeni pa 1500.

### 8. Chepetsani MSS

Sitepe 7 yakonza mapaketi otuluka. Nanga obwera kuchokera ku seva ya ku London kapena Johannesburg? Seva imeneyo simungaisinthe, ndipo ngati firewall yake imatseka ICMP sidzamva kuti ichepetse. Mankhwala ake ndi kuiuza pachiyambi pomwe.

TCP ikamayamba, mbali iliyonse imanena katundu wamkulu yemwe ingalandire pa paketi imodzi. Nambalayo ndi MSS, ndipo ndi MTU kuchotsa 40, kutanthauza 20 ya IP ndi 20 ya TCP. Laputopu imanena 1460. Rauta ikhoza kufufuta nambalayo paketi ikamadutsa n'kulemba yaing'ono: 1452 pa MTU ya 1492, 1440 pa 1480, 1360 pa 1400. Seva imamvera, ndipo sipakhalanso chodula kapena chotaya. Mwa masitepe onse, kwa ine iyi ndi yomwe imachiza mavuto ambiri.

Pa MikroTik:

`/ip firewall mangle add chain=forward protocol=tcp tcp-flags=syn tcp-mss=1453-65535 action=change-mss new-mss=1452 out-interface=pppoe-out1`

Bwerezani lamulo lomwelo ndi `in-interface=pppoe-out1`, kuti zotumiza nazo zitetezedwe. Pa OpenWrt chongani bokosi la MSS clamping pa zone ya wan mu Firewall. Pa Cisco ndi `ip tcp adjust-mss 1452`. Pa rauta ya Linux:

`iptables -t mangle -A FORWARD -p tcp --tcp-flags SYN,RST SYN -j TCPMSS --clamp-mss-to-pmtu`

Ma rauta ang'onoang'ono a m'nyumba ambiri amachita izi okha mukangosintha MTU, n'chifukwa chake mulibe bokosi lake.

Chenjezo: njira ya `clamp-to-pmtu` imatsatira MTU yomwe rauta ikuidziwa. Ngati papapatiza ndi kutsogolo ndipo simunatsitse MTU ya WAN, siikuthandizani, lembani nambala yeniyeni. Komanso lamuloli limagwira kulumikiza kwatsopano kokha. Tsekani browser yonse n'kuitsegulanso musanaweruze.

### 9. Tsegulani njira ya ICMP pa firewall

Yang'anani malamulo a firewall yanu. Mukapeza lotseka ICMP yonse, ikani lina pamwamba pake lolola mtundu 3 khodi 4. Pa MikroTik:

`/ip firewall filter add chain=forward protocol=icmp icmp-options=3:4 action=accept place-before=0`

Chitani chimodzimodzi pa `chain=input`. Ngati muli ndi lamulo lolola `established,related` pamwamba, mauthengawa amadutsira pamenepo kale. Pa IPv6 lolani ICMPv6 mtundu 2. Kukana ping wochokera kunja ndi kufuna kwanu, palibe angakuletseni, koma ping ndi mtundu 8. Musatseke banja lonse chifukwa cha iyeyo.

### 10. Ngati vuto lili mu VPN

VPN imakulunga paketi yanu mu paketi ina, ndiye mkati mumachepa malo. Yambani ndi MTU ya njira yomwe munaipeza VPN itazima.

WireGuard imasiya mabayiti 80, n'chifukwa chake imayamba pa 1420. Nambala imeneyi ikuganiza kuti kunja kuli 1500. Pa PPPoE ya 1492 lembani `MTU = 1412` m'gawo la Interface. Ngati njira yanu ndi 1400, lembani 1320. Musatsike pansi pa 1280 ngati mkatimo mukuyenda IPv6, chifukwa 1280 ndi malire ake otsika kwambiri. Pa OpenVPN ya UDP onjezani mzere wa `mssfix 1400` n'kutsika ngati sizinatheke. Pa IPsec zomwe zimadyedwa zimasintha malinga ndi kabisidwe komwe mwasankha, ndiye musawerengere pamutu: yatsani VPN, chitani ping wa DF ku seva ya mkati, pezani malire monga pa sitepe 5, kenako ikani MSS pa ma rauta a mbali zonse ziwiri.

Mbali zonse ziwiri, ndabwereza dala. Likulu likhoza kukhala pa fiber, nthambi ili pa 4G, ndipo nambala yolamulira ndi ya mbali yopapatizayo.

### 11. Ngati rauta ilibe posinthira

Ma MiFi ambiri alibe bokosi la MTU. Zikatero sinthani pa kompyuta. Tsegulani Command Prompt ngati Administrator:

`netsh interface ipv4 set subinterface "Wi-Fi" mtu=1400 store=persistent`

M'malo mwa 1400 ikani nambala yanu, ndipo dzina la m'kati mwa zizindikirozo likhale lomwe munaliona pa sitepe 2. Pa Linux ndi `sudo ip link set dev wlan0 mtu 1400`, koma imeneyi imafufutika kompyuta ikazima pokhapokha mutailemba mu NetworkManager. Njirayi ndi yabwino pa laputopu imodzi kapena ziwiri. Pa ofesi ya makompyuta ambiri ndi chintchito, kuli bwino kugula rauta yosinthika.

### 12. Yesani zenizeni, kenako sungani

Tsegulani tsamba lomwe limakana lija, tumizani imelo yokhala ndi fayilo yaikulu, kokerani fayilo kuchokera ku seva ya VPN. Yesani kutumiza ndi kulandira komwe, chifukwa chimodzi chikhoza kuchira china chikadali chodwala. Okhala ndi Wireshark alembe `tcp.flags.syn == 1` aone MSS yomwe ikubwera mu yankho la seva, ndi `ip.flags.mf == 1 || ip.frag_offset > 0` aone ngati zidutswa zikadalipo.

Pa Cisco musaiwale `copy running-config startup-config`. Magetsi akangophethira musanalembe zimenezi, rauta idzadzuka ndi zakale. Tengani backup yatsopano, ndipo lembani nambalayo pa kapepala n'kumata pansi pa rauta kuti mmisiri wobwera pambuyo panu asaibweze pa 1500.

## Zolakwika zomwe zimachitika kawirikawiri

Kulemba nambala ya ping m'bokosi la MTU. Ping wadutsa pa 1464, munthu n'kulemba MTU 1464. Intaneti igwirabe, koma mwataya mabayiti 28 pa paketi iliyonse popanda chifukwa. Choipa kwambiri ndi kusokoneza MTU ndi MSS: kulemba 1492 pa `adjust-mss` sikuchepetsa kanthu, chifukwa laputopu imanena kale 1460.

Kutsitsa kwambiri kuti zingotheka. Ena amalemba 576 kapena 1000 poganiza kuti yaing'ono ndi yotetezeka. Paketi iliyonse imanyamula mutu wake, ndiye mapaketi akachuluka mitu nayo ichuluka, liwiro litsika, rauta itopa. Komanso QUIC, katumizidwe ka data komwe Chrome ndi YouTube amagwiritsa ntchito, imafuna njira yonyamula katundu wa UDP wosachepera mabayiti 1200, ndipo IPv6 sigwira pansi pa 1280.

Kukweza kupitirira 1500. Bokosi la Jumbo Frame ndi la netiweki ya mkati momwe switch ndi makompyuta onse agwirizana. Kuika 9000 pa laputopu imodzi kumabweretsa matenda omwewa m'nyumba mwanu.

Kuganiza kuti MSS yachiza zonse. Imagwira TCP yokha. WireGuard, QUIC, mafoni a pa intaneti ndi DNS zimayenda pa UDP, zilibe MSS. Ngati masamba akutseguka koma VPN ikadakakamira, bwererani ku sitepe 10. Amene mukuyendetsa seva yanu ya DNS, ikani EDNS buffer pa 1232, nambala yomwe opanga mapulogalamu a DNS anagwirizana mu 2020 kuti mayankho asamadulidwe.

Kusintha zinthu zitatu nthawi imodzi. MTU, MSS ndi firewall zonse pamodzi, kenako zikagwira simudziwa chomwe chachiza, zikakana simudziwa chobweza. Sinthani chimodzi, yesani, lembani.

Kuiwala laini yachiwiri. Maofesi ambiri ali ndi fiber ndi 4G yodikirira. Mwayeza fiber, zonse zili bwino, koma tsiku lomwe chingwe chadulidwa ndi okumba ngalande rauta n'kusamukira ku 4G, madandaulo ayambiranso. Zulani chingwe cha fiber dala, yezani laini yachiwiriyo payokha, muipatse MTU ndi lamulo la MSS lakelake.

Kuyeza VPN ili yoyaka osadziwa. Mapulogalamu ena a VPN amayaka okha kompyuta ikadzuka. Mukapeza 1392 pa laini yomwe mukudziwa kuti ndi Ethernet wamba, onani pa ngodya ya sikirini musanakhudze rauta.